Wosewera mpira wakunja amakhoma kuti msonkho?

Zikomo bambo athu a ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa kuti mnyamata wosewera mpira kunja, msonkho amakhoma kwawo kapena komwe akusewera.

Bambo, lamulo la mayiko ambiri ndi lakuti komwe wakhetsera thukuta ndi komwe boma limayamba kutapako. Amalawi amene asewerapo ku UD Songo, kuno ku Tete, malipiro awo amagwa pansi pa msonkho wa IRPS, umene amatolera a Autoridade Tributária. Munthu akakhazikika ku Mozambique, amawerengedwa ngati wokhala m'dzikomo pa nkhani ya msonkho.

Ku America nkhaniyi imapota kwambiri. Temwa Chawinga wakhala akusewerera Kansas City Current kuyambira 2024, ndipo bwalo lawo lili ku Missouri. Kumeneko, kuwonjezera pa msonkho wa boma lalikulu, zigawo zambiri zili ndi msonkho wakewake. Timu ikapita kukasewera ku California, chigawocho chimawerenga masiku amene wosewera wagwira ntchito kumeneko, n'kutengako gawo la malipiro a masikuwo. Ku Texas ndi ku Florida kulibe msonkho wotere. Kawirikawiri chigawo chimene wosewera amakhala chimamuchotsera zimene walipira kwina, kuti asadulidwe kawiri.

Choncho bambo, mwana wanu akapeza timu kunja, asanasaine afunse ngati ndalama zolembedwazo n'zochotsa kale msonkho. Atenge nambala ya msonkho ya kuno ku Mozambique (NUIT), asunge mapepala onse a malipiro, ndipo apeze wodziwa malamulo amuwerengere mgwirizanowo. Zaka za mpira n'zochepa, ndipo ngongole ya msonkho imatsata munthu ngakhale atasiya kusewera.