THEWERA LA USIKU: KUSUNGA MWANA POUMA KUFIKIRA M'MAWA

Mwa nchito zonse za mai wa khanda, yotopetsa koposa ndiyo ya usiku. Madzulo amgoneka mwana ali wouma bwino; koma tambala asanalire, thewera lakhuta, kamalaya kanyowa, citenje canyowa, ndi bulangeti lomwe. Mwana alira, a m'nyumba onse adzuka, ndipo kukaca pali mtolo wa zocapa. Phunziro ili nla amai ndi atate a ku Kaunda Square, ndi anansi ao a ku Mtendere, Kalingalinga, Chawama, Kanyama, Matero ndi George, amene abveka ana ao matewera a nsaru, omwe ambiri a m'tauni awacha manapukeni.

Nkhaniyi siiri yaing'ono ai. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo m'miyezi ya June ndi July kuzizira kwa usiku kumatsika kufikira madigiri 10, kapena kuceperapo. Thupi la khanda litaya kutentha msanga, ndipo nsaru yonyowa ilanda kutenthako koposa. Ndiponso m'nyengo ya dzinja, kuyambira November kufikira April, bulangeti lonyowa likhoza kutha masiku awiri lisanaume. Ndipo kumene madzi ngogula ndi kusenza, ndowa iri yonse iri ndi mtengo wace.

1. Mkodzo wocuruka suli mdani

Tiyambe ndi cinthu cacikuru coposa zonse. Amai ena, pofuna kuti mwana asanyowetse pogona, amcepetsera bere madzulo, kapena ammana usiku. Ici ncolakwa coopsa. Mwana wa miyezi itatu kapena inai ayamwa mkaka wokwana ngati mamililita 750 tsiku limodzi, ndipo gawo lalikuru la madzi ace lituruka monga mkodzo. Cikhodzodzo cace ncacing'ono, motero akodza pang'ono-pang'ono, kawiri-kawiri. Matewera onyowa 6 kapena kuposa pa tsiku, a mkodzo woyera wosanunkha kwambiri, ndico cizindikiro cakuti mwana akukhuta.

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, usana ndi usiku, nthawi iri yonse afuna. Kuyamwitsa usiku ndiko kuthandiza kuti mkaka usacepe m'mawere. Akuru anati, walira mvula walira matope. Wofuna mwana wonenepa alandirenso matewera onyowa. Cifukwa cace mankhwala a bvuto ili sali pa bere, koma pa nsaru ndi pa dzanja lomanga thewera.

2. Njira zitatu zimene mkodzo uturukira

Pogona panyowa cifukwa ca cimodzi ca zitatu izi: nsaru siimwa madzi, kapena nsaru yacepa pamalo pofunika, kapena pali mpata pa ncafu ndi m'ciuno. M'mawa, musanaponye thewera m'ndowa, liyang'aneni, pakuti lidzakuuzani lokha. Ngati lakhuta lonse, nsaru inacepa. Ngati lanyowa mbali imodzi yokha, mbali yina iri youma, ndiye kuti kapindidwe kanalakwika, kapena panali mpata. Ngati thewera langonyowa pang'ono koma pogona pali thamanda, nsaruyo yaleka kumwa madzi.

3. Nsaru yomwa madzi

Thewera labwino ndi la thonje, la mtundu wa thaulo, la mbali zinai zolingana, mbali iri yonse ngati masentimita 60. Citenje cakale ca thonje, cofewa ndi kucapidwa, cithandiza. Koma nsaru ya nailoni kapena poliyesita ingopititsa madzi osawasunga. Thewera latsopano liyambe lacapidwa katatu kapena kanai lisanabvalidwe usiku, popeza thonje latsopano liri ndi mafuta ace ndi mankhwala a kufakitale okaniza madzi.

Yesani cotere. Yalani thewera louma, ndi kuthirapo madzi theka la kapu pang'ono-pang'ono, mukutsindika ndi cala. Akalowa pomwepo, nsaru iri bwino. Akayamba kuyenda pamwamba ngati pa tsamba la nthoci, nsaruyo yamatidwa ndi kanthu.

Zomata nsaru nzitatu: mafuta odzola monga Vaseline akapakidwa ambiri, mankhwala onunkhira ofewetsa zobvala, ndi sopo wotsalira. Za sopo, a ku Lusaka asamale koposa. Gawo lina la madzi a mzindawu licokera ku mtsinje wa Kafue, koma lina licokera m'zitsime zakuya zobooledwa m'mwala wa laimu. Zoyera zija zimamatira m'kati mwa ketulo ndiwo umboni wace. M'madzi otere sopo wolimba sasungunuka bwino, koma asanduka litsiro loyera lokakamira m'nsaru, ndipo thewera liuma gwaa. Sopo wa ufa kapena wa phala acita bwino koposa m'madzi amenewa. Thirani wocepa, ndipo tsukuluzani kufikira thobvu litatheratu. Thewera lomatidwa kale libwerera mwakale mukalicapa m'madzi otentha ndi kulitsukuluza kangapo, kapena kuliwiritsa mphindi 10 m'cidebe cosungidwira nchito yomweyo.

4. Kapindidwe ka usiku

Thewera limodzi likwanira usana, pamene musintha pa maola awiri kapena atatu. Usiku mufunika awiri.

Loyamba lipindeni ngondya ndi ngondya, likhale la ngondya zitatu, mbali yaitali kumtunda. Laciwiri lipindeni m'litali, likhale ngati lamba wocindikala wa kukula kwa cikhato canu, ndipo muliike pakati pa loyambalo, kucokera kumsana kudza kumimba. Kwa mwana wamwamuna, pindaninso lambayo kuti kucindikala kukhale patsogolo, ndipo muonetsetse kuti kaumuna kace kaloza pansi. Kakaloza kumwamba, mkodzo uturukira pamimba ngakhale nsaru icuruke bwanji. Kwa mwana wamkazi, kucindikala kukhale pakati ndi cakumbuyo, kumene madzi atsikira pamene agona cagada.

Mgonekeni mwana pamenepo, kwezani lamba ndi ngondya ya pansi pakati pa miyendo, ndi kukumanitsa ngondya ziwiri za m'mbali pamimba. Tsono citani cimene ambiri aiwala: pindirani m'kati mphepete za nsaru pa ncafu zonse ziwiri, ndi kuzilowetsa m'mphecepece, kuti pasatsale mpata. Muyeso ndi uwu: zala ziwiri zilowe m'ciuno, cala cimodzi pa ncafu. Kupitirira apo, thewera lamasuka. Kucepera apo, lathina, ndipo nsaru yothina ifinyika ndi kubweza madzi monga cinkhupule. Kwa khanda limene mcombo wace sunagwe, pindani thewera likhale pansi pa mcombo, kuti uume.

Pini yotseka, imene Walter Hunt anaipanga ku New York m'caka ca 1849, ilowe copingasa, osati coloza kumimba kapena kumiyendo, zala zanu ziri pakati pa nsaru ndi khungu. Kulinso kogwirira ka pulasitiki ka manja atatu, kochedwa Snappi, kamene kanayambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1980. Kagwira bwino nsaru ya thaulo popanda kubaya, koma kakayamba kung'ambika katayeni.

5. Kabudula wochinga madzi

Nsaru isunga madzi, koma siiwachinga. Bvuto lomweli linasautsa mai wina wa ku America, Marion Donovan, amene m'caka ca 1946, atatopa ndi kucapa zopfunda za mwana wace, anadula nsaru yochinga madzi ya m'bafa nasoka cobvala ca pamwamba pa thewera. Pofika 1951 boma la kwao linabvomereza kuti luso limeneli nlace. Makabudula a pulasitiki a masiku ano agwira nchito yomweyo.

Lamulo lace ndi limodzi: nsaru yonse ikhale m'kati. Kangondya ka thewera kakasuzumira kunja, ngakhale kocepa ngati cikhadabo, kakoka mkodzo monga cingwe ca nyali cikoka parafini, ndipo pofika m'mawa pogona ponse panyowa. Momwemonso kamalaya ka m'kati kasalowe m'thewera kapena m'kabudula. Mutatha kubveka, yendetsani cala kuzungulira ncafu ndi msana. Kabudula akhale wa msinkhu wokwana matewera awiri. Wamng'ono afinya, ndipo wa lasitiki wotha asiya mpata. Mcapeni ndi madzi ozizira, mumuyanike pamthunzi, ndipo musamsite, kuti angang'ambike.

Amai odziwa kuluka akhoza kuluka kabudula wa ubweya wa nkhosa. Ubweya weni-weni umwa cinyezi cokwana pafupi-fupi gawo limodzi la magawo atatu a kulemera kwace usanamveke kunyowa, ndipo ulola mpweya kufika pakhungu. Koma ulusi wambiri wa pamsika suli wa nkhosa ai. Muyambe mwafunsa musanagule.

Musamange konse thumba la pulasitiki la kusitolo pa thewera, kapena kuliyala losamangika pogona mwana. Lipsereza khungu, ndipo likafika kumphuno likhoza kumtsamwitsa. Cochinga matiresi cikhale colimba, cokokedwa bwino, ndi nsaru pamwamba pace. Usana, mwana akhale nthawi yina wopanda kabudula wa pulasitiki, kuti khungu lipume.

6. Dongosolo la usiku

Thewera la usiku libvekedwe pa nthawi imene akuru apita kukagona, osati dzuwa likangolowa. Tsukani mwana ndi madzi ofunda, mumuumitse bwino m'makwinya, ndi kupaka mafuta pang'ono pokha. Kansaru kopyapyala koikidwa pakhungu kateteza thewera ku mafutawo. Musathire paudala, pakuti ufa wace ulowa m'mapapo.

Mwana wosafika miyezi itatu asinthidwe kamodzi kapena kawiri usiku, pa nthawi ya kuyamwa. Palibe kapindidwe kamene kangamsunge usiku wonse, ndipo khungu lace ndi lanthete. Wokulirapo akhoza kufika m'mawa ndi matewera awiri aja, kapena ndi kathaulo kacitatu koonjezera. Koma akacita cimbudzi, asinthidwe pomwepo, kaya ndi nthawi yanji. Matewera opinda kale, madzi ndi nyali zikhale pafupi ndi kama. Iyi ndi nchito imene atate akhoza kuigwira madzulo, ndipo kusintha mwana pakati pa usiku sikucotsa ulemu wa mwamuna. Mai wayamwitsa, apumuleko.

Mwana agone cagada, m'kati mwa neti yochinga udzudzu. Ndipo ngakhale kuzizire cotani, musalowetse mbaula m'cipinda cotseka kuti muumitse matewera kapena kufunditsa mwana. Makala aturutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo khanda ndilo liyamba kugonja.

7. Kucapa ndi kuyanika

Cimbudzi ca mwana cikhutulidwe m'cimbudzi, ndi madzi oyamba ocapira omwe. Asatayidwe m'ngalande kapena pabwalo posewera ana. Ena ayesa kuti zonyansa za khanda ziribe matenda, koma si zoona. Anthu a Lusaka akumbuka kolera ya 2017 ndi 2018, ndiponso ya 2023 ndi 2024, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Sambani m'manja ndi sopo mutasintha mwana. Ndowa yobviikamo matewera ikhale ndi cibvundikiro, ndipo ikhale posafika ana oyamba kuyenda, pakuti mwana wamng'ono amira ngakhale m'madzi ocepa.

Yanikani pacingwe, padzuwa. Musayanike pansi, pa udzu kapena pa mpanda wa maluwa. Kuli nchenche imene iikira mazira pa dothi ndi pa nsaru zonyowa za pfungo la mkodzo, maka-maka pamthunzi ndi m'nyengo ya mvula. Mazirawo aswa, timphutsi tilowa m'khungu la mwana, ndi kutupa ngati cithupsa. Kusita mbali zonse ziwiri ndi nsimbi yotentha kupha mazirawo. Magetsi akazima, monga anacitira maola ambiri m'caka ca cirala ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, nsimbi ya makala igwira nchito yomweyo. Kusita kuumitsako nsaru ya thaulo, motero muifikise m'manja ikazizira. Thewera losauma bwino lakhuta kale theka. Cifukwa cace banja likhale ndi matewera 20 kapena 24, kuti m'dzinja lisakakamizike kubveka lacinyezi.

8. Pamene muyenera kupita ku kiliniki

Kufiira pang'ono kwa matako kutha ndi kusintha kawiri-kawiri ndi kupitidwa mphepo. Koma kukapitirira masiku atatu, kapena kukalowa m'makwinya ndi timadontho tofiira m'mbali, kapena pakaoneka zironda, tengani mwana ndi khadi lace la kusikelo kumka ku kiliniki.

Koposa zonse, opani thewera louma. Khanda likagona usiku wonse osakodza, kapena mkodzo ukacepa ndi kukhala wacikasu kwambiri, maka-maka pamene litsegula m'mimba, lisanza, litentha thupi, kapena liwombo lalowa, ndiye kuti madzi akutha m'thupi mwace. Musacedwe, ndipo musaleke kuyamwitsa pa njira. A ku Kaunda Square ali ndi kiliniki pafupi, ndiponso cipatala cacikuru ca Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2011, ciri pa mseu wa Great East.

Tsono usiku uno, musanazime nyali, dzifunseni zinai izi: Kodi nsaruyi imwa madzi? Kodi ndaika awiri, ndi kucindikala pamalo pace? Kodi pa ncafu palibe mpata, ndipo nsaru yonse iri m'kati mwa kabudula? Kodi mwana wayamwa nakhuta? Mukabvomera zonse zinai, gonani. Ndipo m'mawa mukapeza thewera lolemera koma bulangeti louma, dziwani kuti mwana ali bwino, ndi dzanja lanu lagwira nchito yace.