Imfa ya Munthu Ikasanduka Sewero

Pa 14 February 2013, Oscar Pistorius, wothamanga wotchuka wa ku South Africa, anawombera ndi kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp m'nyumba mwake ku Pretoria. Iye anati ankaganiza kuti mwalowa mbala. Mlandu utayamba mu March 2014, khoti linalola kuti uzioneka pa wailesi yakanema, ndipo DStv inatsegula tchanelo cha 199 chongoonetsa nkhaniyi usana ndi usiku.

Tiyeni tione zimene ofalitsa nkhani anaika patsogolo. Linali tsiku la Valentine, ndiye ankabwereza zimenezo. Nyuzipepala ya The Sun ku Britain inaika patsamba loyamba chithunzi cha Reeva atavala zosambira, tsiku lotsatira atangophedwa. Anthu anakambirana kwambiri za misozi ya Pistorius m'khoti. Koma zoti Reeva anali ndi digiri ya zamalamulo, komanso kuti ankadzudzula poyera nkhanza zochitira amayi, zinkatchulidwa mongodutsa. Wophayo anakhala mwini sewero, wophedwayo anasanduka chithunzi chokongoletsera nkhani. Mu December 2015 khoti la apilo linagamula kuti iye ndi wolakwa pa mlandu wakupha.

Vuto la kalembedwe kotereka ndi lakuti kamatiphunzitsa mawu. Tikamawerenga kawirikawiri kuti munthu wapha "chifukwa cha chikondi", timayamba kuona nsanje ngati umboni wa chikondi. Mnyamata amene amafufuza foni ya chibwenzi chake ndi kumuletsa kucheza ndi anzake timamuseka kuti wagwa m'chikondi, pamene mtsikanayo akukhala mwamantha. Ndipo zimenezi sizili kutali. Timazimva ngakhale m'mahositelo mwathu.

Kodi nkhani zingasinthedi khalidwe la anthu? Katswiri wa ku America, George Gerbner, anapeza kuti anthu oonera kwambiri wailesi yakanema amaganiza kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene lililidi. Umboni wina ukuchokera ku Vienna, ku Austria. Kumeneko nyuzipepala zinkalemba mokokomeza za anthu odzipha podziponya kutsogolo kwa sitima zapansi panthaka. Mu 1987 atolankhani atalandira malangizo n'kusiya kulemba motero, imfa zamtunduwu zinatsika ndi zoposa theka m'miyezi yochepa. Sitima zinali zomwezo. Chinasintha ndi kalembedwe.

Masiku ano mkonzi wa nkhani ndife tomwe. Chithunzi cha mtembo chikafika pa WhatsApp, ndife timasankha kuchitumiza kugulu la kwaya kapena kuchifafaniza, ndipo nthawi zina mayi wa malemuyo amakhala asanamve n'komwe za malirowo.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tingayambire m'kalasi. Titenge mutu wa nkhani yotereyi, tiulembe pabolodi, ndipo tifunse ophunzira a Fomu 2 kuti: wophedwayo akutchulidwa dzina lake kapena maonekedwe ake? Mawu akuti "chikondi" alowamo bwanji? Kenako aulembenso mutuwo ngati kuti womwalirayo ndi mlongo wawo.