Masiku Khumi a Danieli ndi Digiri Yachiwiri ya Kadyedwe

Werengani: Danieli 1:8-16

Ambirife nkhani ya Danieli tinaimva ku Sukulu ya Sabata tili ana, ndipo chimene tinatolapo n'chakuti anakana chakudya cha mfumu. Koma taonani zimene anachita atakana. Sanalimbane ndi kapitawo. Anapempha kuti ayesedwe: iye ndi anzake adye zakumunda ndi kumwa madzi, anyamata ena adye za mfumu, ndipo pakatha masiku khumi afanizidwe maonekedwe awo. Wophunzira wa digiri yachiwiri ya sayansi ya kadyedwe njira imeneyi angaizindikire msanga, ngakhale mphunzitsi wake angamubwezere pepala n'kumuuza kuti anthu anayi achepa, masiku khuminso sakukwana.

Pa digiri yoyamba timaphunzira zimene ena anapeza, monga magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi ntchito ya ayironi m'magazi. Pa yachiwiri, ya Masters, timaphunzira mmene anazipezera ndi pomwe akanatha kuphonya. N'chifukwa chake muli biochemistry, muli phunziro la mmene matenda amagwirira magulu a anthu, mulinso masamu a ziwerengero. Inde, masamu aja ena tinkawazemba ku Fomu 4 akutidikira kumeneko. Pamapeto wophunzira amachita kafukufuku wakewake n'kukamuteteza pamaso pa aphunzitsi.

Mpingo wathu unayamba kuphunzitsa uthenga wa zaumoyo mu 1863, koma anthu a kunja anautchera khutu pamene unayesedwa. Yunivesite ya Loma Linda ku California inatsata mamembala athu pafupifupi 34,000 a m'chigawo chimenecho kuyambira m'ma 1970, m'kafukufuku wotchedwa Adventist Health Study. Mu 1992 Gary Fraser ndi anzake anaonetsa kuti amene ankadya mtedza kasanu kapena kuposerapo pa sabata, chiopsezo chawo cha matenda a mtima chinali pafupifupi theka poyerekeza ndi amene ankaudya mwa apo ndi apo. Kafukufuku wachiwiri anayamba mu 2002 ndi anthu pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada.

Ife tikamva zotere timafulumira kunena kuti Ameni. Wofufuza wophunzitsidwa bwino amayamba wafunsa. Kodi odya mtedzawo sanalinso anthu olimbitsa thupi, opita patali ndi sukulu, osadya nyama yambiri? Tidziwa bwanji kuti wathandiza ndi mtedza? Mafunso otere sasonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Anachititsa Joan Sabaté, wa ku Loma Linda komweko, kudyetsa amuna chakudya choyezedwa, nthawi ina chokhala ndi mtedza wa walnut, nthawi ina chopanda, ndipo mu 1993 anapeza kuti mafuta oipa a m'magazi ankatsika pa nthawi ya mtedzayo.

Funso lalikulu kwa ife n'lakuti zopezeka ku California zikukwana bwanji pa mbale ya kwathu kuno. Anthu aja vuto lawo linali kudya mopitirira. Kuno kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wosadya nyama wa ku Loma Linda ali ndi sitolo yodzaza zipatso, mkaka ndi zakudya zothiridwa mavitamini. Banja la kumudzi likasiya nyama, mazira ndi mkaka, nthawi zina limangotsala ndi nsima ndi nkhwani. Vitamini B12 sapezeka m'masamba kapena m'nyemba, amapezeka m'zakudya zochokera ku ziweto ndi nsomba, ndipo akasowa magazi amachepa, mitsempha imawonongeka. Mlaliki amene amauza mayi woyembekezera kuti asiye mazira ndi mkaka, osamuuza kumene angapeze vitaminiyu, akuika pachiswe miyoyo iwiri, ngakhale cholinga chake chili chabwino.

Mtedza womwewo uli ndi mbiri ina kuno. Chiponde chimene ana onyentchera kwambiri amalandira kuchipatala chinayesedwa ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi dokotala Mark Manary ndi anzake, ndipo chinaonetsa kuti ana ambiri angachire ali kunyumba, osagonekedwa. Koma mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo poizoni wake, aflatoxin, amawononga chiwindi. Ndiye tiuze anthu kuti adye wochuluka bwanji, wosungidwa motani, nanga nsinjiro zogula pamsika zachokera ku mtedza wotani? Adventist Health Study sanafunse zimenezi, chifukwa sizinali nkhawa ya anthu ake.

Ofuna kupitiriza maphunzirowa angayang'ane ku Loma Linda, ku Andrews University ku Michigan, kapena pafupi pompano ku Bunda, ku LUANAR. Ndalama za kunja n'zovuta, ndipo kuphunzira kuno kuli ndi ubwino wakuti midzi yochitiramo kafukufuku ili pakhomo.

Zoti tikambirane m'magulu: ndi chiphunzitso chiti cha kadyedwe chimene timabwereza kutchalitchi koma sitinafunsepo umboni wake? Tikanati tichiyese ngati Danieli, tikanafanizira magulu ati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo tikanayeza chiyani?