Phunziro: Kupha Chotupa ndi Ayezi

Tengani tomato wakupsa mumuike mufiriji, pamene pamaundana madzi. Mawa mumupeza ali gwa. Akasungunuka amaphwanyika yekha, madzi ali chuchuchu. Chachitika n'chiyani? Tomato, monganso thupi lathu, ndi maselo ang'onoang'ono odzaza madzi. Madziwo akaundana, ayezi amaboola maselo, ndipo selo lobooka silidzukanso.

Madokotala amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi pa khansa ya impso. Impso zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti. Ntchito yake ndi kusefa magazi ndi kupanga mkodzo. Chotupa chikapezeka chisanafike masentimita 4, dokotala angathe kulasa singano zazitali pakhungu la kumsana mpaka m'chotupamo, maso ali pa makina a CT oonetsa m'kati mwa thupi. M'singanomo mumadutsa mpweya wa argon, umene umaziziritsa nsonga koopsa. Ayezi amayamba kumera pansongapo, nakula mpaka kukuta chotupa chonse. Kuzizira kukafika madigiri 40 pansi pa ziro, maselo a khansa amafa. Dokotala amasungunula ayeziyo n'kuundanitsanso kachiwiri, kuti pasatsale lamoyo. Wodwala sang'ambidwa pamimba, ndipo mbali yabwino ya impso imapitiriza ntchito.

Kuno ku Zambia, amayi ambiri anathandizidwa kale ndi kuzizira kotereku, koma pakhomo la chiberekero. Ntchitoyi inayamba m'makiliniki a ku Lusaka mu 2006. Nesi amapaka viniga pakhomopo, ndipo malo odwala amayera. Malo amenewa sanasanduke khansa, koma akasiyidwa angasanduke. Nesi amagunditsapo kachitsulo kolumikizidwa ku botolo la mpweya kwa mphindi 3, kupumira mphindi 5, n'kubwerezanso mphindi 3. Mayi amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Kwa milungu ingapo amatuluka madzimadzi kumaliseche, ndipo zimenezi si zoopsa. Abambo, mvetsani apa: mwezi wathunthu musagone nawo amayiwa, chilonda chipole. Masiku ano makiliniki ambiri akugwiritsa ntchito kachipangizo kotentha m'malo mwa kozizira, chifukwa sikafuna botolo la mpweya.

Koma ayezi amagonjetsa matenda akadali aang'ono basi. Chotupa chikakula kapena kufalikira, pamafunika opaleshoni ndi mankhwala amphamvu, mwinanso ulendo wautali wochokera ku Lundazi kudzera ku Chipata kukafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007. Vuto lake n'lakuti khansa ya impso imayamba mwakachetechete, yosapweteka.

Mukaona magazi m'mkodzo, musangoti ndi likodzo n'kukhala pansi. Mwina ndi likodzodi, koma wonena ndi wachipatala atapima. Chimodzimodzi kupweteka kwa m'nthiti kosatha, kapena kuonda popanda chifukwa. Pitani kukiliniki yapafupi kapena kuchipatala cha boma ku Lundazi. Amayi, mukafunsenso tsiku lopima khomo la chiberekero, ngakhale simukumva kupweteka paliponse.