Malangizo: Nyambo Yowala Mumdima

Lero tikambe zopanga nokha nyambo yapulasitiki yofewa, yowala mumdima.

Tenthetsani pulasitiki wamadzimadzi wotchedwa plastisol m'poto mpaka madigiri 175. Poyamba amaoneka ngati mkaka, koma akapsa amaonekera mkati, n'kunanda ngati uchi. Thiranimo ufa wowala mumdima wa strontium aluminate ndipo mutakase bwino, chifukwa ufawu umathamangira pansi. Utoto musachulutse, umaphimba kuwala. Tsanulirani m'chikombole chooneka ngati usipa. Nyamboyo ikalimba, ichotseni muiviike m'madzi ozizira.

Koma samalani, abale. Dontho la madzi likagwera m'pulasitiki wotentha, amathovoka n'kukuwotchani. Gwirirani ntchito pamalo popita mphepo, valani magolovesi, ndipo poto ameneyo asabwererenso kukhitchini.

Musanaponye mbedza, iwalitseni nyamboyo ndi tochi. Muwedze bwino!