Penshoni imayamba ndi malipiro oyamba



Taonani agogo amene amatsika phiri la Zomba atasenza nkhuni, kapena ochezera pa ulonda ku Chikamveka. Ambiri si kufuna. Ukalamba unawapeza opanda penshoni, pomwe olemba ntchito amathamangira achinyamata.

Chiyambire 2011, lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro anu ku penshoni, inu 5 peresenti. Komatu mabwana ena amangodula osakapereka. Mukayamba ntchito, funsani kampani yosunga penshoni yanu, muzipempha sitetimenti chaka chilichonse.

A geni ndi a kabaza, palibe wokuduliranitu, patulani nokha. Poti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023, zina muzigulira mbuzi kapena kamalo.

Yambani mwezi uno, Inshaallah.