Ndikagona chinthu chimandikhala pachifuwa

Funso: Abusa, ndikagona ndimamva ngati munthu wandikhala pachifuwa, kufuula kumakanika. Mneneri wina akuti apongozi anga akundilodza, ndipo wandigulitsa mafuta odzozedwa. Ndingamukane bwanji mdyerekezi?
Mayi wodandaula, Dedza

Yankho: Pepani mayi, mantha a usiku amatopetsa mtima. Pa Yakobo 4:7, kugonjera Mulungu ndiko kumatsogola, kukana mdyerekezi n'kubwera pambuyo. Ambiri timathamangira chachiwiricho. Ambuye Yesu poyesedwa m'chipululu, pa Mateyu 4, anayankha katatu konse ndi mawu a m'buku la Deuteronomo. Zida za pa Aefeso 6 ndi choonadi, chilungamo, chikhulupiriro, mawu a Mulungu ndi pemphero, ndipo palibe chogula ndi ndalama. Simoni wamatsenga atafuna kugula mphamvu ya Mulungu, Petro anamudzudzula kolimba. Mafutawo asiyeni.

Za apongozi ndizo zikundidetsa nkhawa kwambiri. Mdani amagwiritsa ntchito bodza pogawanitsa mabanja, ndipo okalamba ambiri m'dziko muno amenyedwa, ena kuphedwa, chifukwa cha mawu ngati amenewa. Lamulo la 1911 limaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Thupi nalo musaliiwale. Madokotala amalidziwa vutoli: munthu amadzuka minofu ikadali m'tulo, makamaka akagona chagada, atatopa kapena ali ndi nkhawa. Yesani kugona chammbali. Pempherani ndi amayi a chigwirizano, muwerenge Salimo 91 musanagone, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi adokotala.